Mwana wa mlongo wanga sayankhula chichokereni ku Chilobwe, ndithandizeni nzeru

Malume wa ku Area 23
Moni nonse apagulu pano. Masiku onsewa ndimangowerenga za anzanga, lero ndabwera ndi yanga. Pepani italikirapo.

Mlongo wanga ankachita lendi ku Chilobwe, kumtunda kwenikweni, m'munsi mwa phiri la Soche. Pa 13 Malichi 2023, tsiku lomwe matope a namondwe wa Freddy anatsika, iye ndi khanda lake anali m'nyumba. Mwana wake woyamba, mnyamata wa zaka 10, anali atam'tuma kokagula makala. Ndi yekhayo anatsala. Ine ndinafika ku Blantyre Lachitatu. Ndinapita ku mochale ya ku Queens, ndinavundukula nsalu zomwe sindifuna kuzikumbukira, koma mlongo wanga ndi khandalo sitinawapeze mpaka lero. Mnyamatayo ndinam'peza pamsasa wa pasukulu ina, ali pakona ya kalasi, atavala juzi ya munthu wamkulu yofika m'mawondo. Bambo ake anasiyana ndi mlongo wanga kalekale, mwini mbumba ndine, ndiye ndinabwera naye kuno ku Lilongwe.

Papita miyezi 9. Mwanayu amadya, amasamba, kusukulu amapita. Koma pakamwa pake pamangotuluka "eya", "ayi", "zikomo malume", basi. Mwana yemwe akabwera ku holide tinkachita kumuuza kuti iwe takhala chete timve nkhani pawailesi. Mvula yayambayi ndiye zafika poipa. Ikangogunda pamalata amalowa pansi pa bedi n'kutseka makutu. Wayambanso kukodza pogona. Ali ndi K200 yomwe anaikulunga m'kapepala ka shuga, amagona nayo. Tsiku lina mayi akunyumba anaitulutsa m'thumba la kabudula pofuna kuchapa, anawaluma dzanja mpaka magazi.

Zoti amayi ake anamwalira sitinamuuzepo. Agogo ake kumudzi anati musam'sweretse mtima mwana, muzingoti akuwafunabe. Maliro sitinalire chifukwa panalibe thupi.

Chondidabwitsa n'chakuti pali kamnyamata ka aneba, kopulupudza kwabasi, ka Sitandade 5. Awiriwa amakhala kuseri kwa bafa kupanga magalimoto a mawaya. Dzana ndinamumva akuseka kumeneko, koyamba chibwerereni. Nditangosuzumira anazizira ngati wathiridwa madzi. Mayi akunyumba akuti tiwaletse chifukwa kamnzakeko kamathawa kusukulu komanso kamaba mango.

Ndichite bwanji kuti ayankhule? Ndimuuze zoona? Nanga chinzake chimenechi tichisiye?

Mayi wa Mvano
Ambuye akutonthozeni achimwene. Ndawerenga misozi ili m'maso. Mupite naye kwa abusa akam'pempherere, ifenso Lachinayi kumvano timuika m'pemphero.

Kabaza Boyz
Mwamuna salira akulu. Musam'lere ngati dzira. M'patseni ntchito, azitunga madzi, azisesa, aiwala. Tonse tinaferedwapo ife.

Nachisale wa ku Michesi
A Kabaza, inuyo munaiwala? Kapena munangosiya kutchula? Si chinthu chimodzi chimenecho.

Achimwene a ku Area 23, ndiloleni nditalikitse, chifukwa mwana mukum'nenayo ndinali ine.

Kwathu ndi ku Phalombe. Pa 10 Malichi 1991, Lamulungu, phiri la Michesi linatsakamuka, madzi ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba zinatsikira pa boma ndi midzi yozungulira. Nthawi imeneyo Phalombe inali isanakhale boma palokha, tinali pansi pa Mulanje. Anthu anafa mazanamazana. Akuluakulu ankangoti wadutsa Napolo, monga ankanenera za madzi a ku Zomba a 1946. Ine ndinali ndi zaka 9. Amayi ndi mng'ono wanga anapita ndi madzi. Chomwe ndimakumbukira si kuona ayi, ndi phokoso. Ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Ndi fungo la dothi lofukulidwa kumene. Mpaka lero munthu akamakumba dzenje la chimbudzi mvula itagwa, ine mseru.

Azakhali ananditenga. Anali munthu wabwino, sanandimanepo kanthu. Koma m'nyumba imeneyo dzina la amayi linali ngati latsekeredwa m'bokosi. Ndikalowa, akuluakulu ankasintha nkhani. Alendo akabwera ankandiyang'ana n'kunong'ona kuti "ndi kameneka kanatsala kaja". Ndinaphunzira msanga kuti ndikafunsa azakhali amalira, ndiye ndinasiya kufunsa. Iwo ankati akundisunga ine, ine ndinkati ndikuwasunga iwo. Nyumba yonse zii, aliyense akusunga mnzake.

Yemwe anandipulumutsa anali mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi. Sanandifunsepo kuti zinakhala bwanji, ngakhale kamodzi. Ankangobwera m'mawa ndi ndowa yake n'kuima pakhomo mpaka nditatuluka. Kumjigo tonse, kunkhuni tonse, phada tonse. Mitambo ikada tili kusukulu, ankanyamuka pamalo pake kudzakhala pafupi nane n'kuponda chala changa chakuphazi ndi chake. Basi, kuponda kokha. Tsiku lina tikusenda chinangwa anangoti, "Amako ankaphika kalongonda wokoma kuposa wa amayi anga." Chichitikireni ngozi ija, ameneyu anali munthu woyamba kuwatchula amayi ngati munthu amene anakhalapo ndi moyo. Ndinalira mpaka chinangwa chinadetsedwa ndi dothi. Iye anangopitiriza kusenda.

Ndiye kamnyamata kakuba mangoko musakathamangitse. Mango mukhoza kulipira.

Malume wa ku Area 23
Achemwali a Nachisale, mwandilasa. Zoti timasintha nkhani akalowa, ndi zomwe timachita ndendende. Chithunzi cha mlongo wanga chomwe chinali pasitingi rumu ndinachichotsa ndekha sabata yoyamba.

Nachisale wa ku Michesi
Chibwezereni. Musachite mwambo, musaitane aliyense. Angochipeza chili pamalo pake.

Aphunzitsi Opuma
Ndaphunzitsa pulayimale zaka 31, zambiri mwa izo kumidzi ya ku Dedza ndi Ntcheu. M'zaka za m'ma 1990, maphunziro aulere atangoyamba mu 1994, kalasi imodzi inkakhala ndi ana oposa 100, ndipo sabata siinkatha popanda mwana wojomba chifukwa cha maliro a kholo. Akabwerako atametedwa mpala, ife tinkangoti "pepa" n'kupitiriza masamu. Panalibe anatiphunzitsa china. Lero ndikaganiza ndimachita manyazi, chifukwa ana amene ndinkawatcha ogona m'kalasi kapena amwano, ambiri anali ana olira amene analibe polirira. Mmodzi ndinam'kwapula chifukwa chosayankha funso, kenaka ndinamva kuti amayi ake anaikidwa Loweruka. Nkhope yake ndimaionabe.

Malume, pitani kusukulu mukaonane ndi mphunzitsi wake pamaso, osati kulemba kakalata. Mukamuuze kuti mvula ikayamba asam'kakamize kukhala pansi, ndipo asamuimiritse kutsogolo kuti ayankhe. Komanso mudziwe kuti ana a ku Lilongwe amaseka kayankhulidwe ka ku Blantyre. Mwina kusukulu anayesapo kutsegula pakamwa n'kusekedwa.

Bambo a Mapasa
Ine ndikusiyana nanu pang'ono. Agogo aja sanalakwe. Makolo athu ankadziwa chomwe ankachita posabweretsa ana pafupi ndi siwa. Mwana wa zaka 10 ukamuuza kuti amako anakwiririka m'matope ndipo sanapezeke, usiku azilota chiyani? Zina n'zofunika kudikira akule.

Wamasiye wa 98
Bambo a Mapasa, ine ndi amene ndinadikiritsidwa kuti ndikule. Ndikuuzeni mmene zimathera.

Bambo anamwalira mu 1996, amayi mu 1998. Aliyense pamudzi ankadziwa matenda ake kupatula ife ana. Pamaliro ankati "atadwala nthawi yaitali". Ena ankati kanyera, ena ankati awalodza abale akuchimuna chifukwa cha chigayo. Nthawi imeneyo ma ARV aulere kunalibe, anayamba mu 2004, chaka chomwe a Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi. Ine ndinakula ndikudana ndi abambo aang'ono, ndikukhulupirira kuti ndi mfiti yomwe inapha makolo anga. Zoona ndinazimva ndili Folomu 2, pa mkangano wa mpira, mnyamata wina atandilalatira kuti "iwe makolo ako anafa ndi kachilombo". Pagulu. Ndinam'menya, koma mumtima ndinadziwa kuti akunena zoona, chifukwa zonse zinagwirizana nthawi yomweyo.

Chinandipweteka si matendawo ayi. Chinali choti mudzi wonse unkadziwa mbiri yanga, ine mwini wake ndekha ndili mumdima. Kuchokera tsiku limenelo agogo akandiuza kanthu, ngakhale kuti ndiwo zatha, ndinkakayika.

Malume, mwanayo anali ku Chilobwe tsiku limenelo. Anaona matope ndi maso ake, anagona pamsasa ndi anthu olira. Akudziwa. Chomwe sakudziwa n'choti kaya amaloledwa kudziwa.

Bambo a Mapasa
Pamenepo ndamva. Koma kanenedwe kake ndiye nkhani. Osangom'gwetsera ngati thumba la chimanga.

Wamasiye wa 98
Pa kanenedwe tikugwirizana.

Kabaza Boyz
Ine bambo anga anagundidwa ndi galimoto ndili Sitandade 3 koma sindinapite kwa dokotala aliyense. Ndili bhobho.

Mayi wa Mvano
Mwana wanga, amene ali bhobho salemba kawiri pa nkhani ya mwana wa eni. Ukafuna kutiuza za bambo ako tili pompano.

Namwino wa Usiku
Ndili pa ntchito ndiye ndilemba modukizaduka, mundikhululukire.

Zomwe mwafotokozazi, kukodza pogona, kubisala mvula ikamagwa, kudzidzimuka, kusayankhula, timaziona kwa ana amene aona zoopsa. Si misala, si ufiti, si mwano. Thupi lake likadali pa tsiku lija. Phokoso la pamalata likamveka, mtima umathamanga ngati phiri likubweranso, ngakhale mutu ukudziwa kuti ku Area 23 kulibe Soche. Mukam'kalipira za mkodzo mungowonjezera mantha. Ikani pulasitiki pansi pa chofunda, m'mawa muchape mwakachetechete.

Pomuuza, gwiritsani mawu enieni: anamwalira. Osati anagona, osati anapita, osati Mulungu anawatenga. Ana amamva mawu mmene alili. Ukati anagona, amaopa tulo. Ukati anapita, amadikira pamsewu. Munene pang'ono, mukhale chete, mum'siye afunse. Akafunsa chomwe simukudziwa, monga komwe kuli thupi, nenani kuti sitinawapeze, tinafunafuna. Mukalira pamaso pake si vuto, aone kuti m'nyumbamo kulira n'kololedwa.

China chomwe anthu amaiwala: ana a msinkhu umenewu amakonda kudziimba mlandu. Amaganiza kuti ndikanabwerera msanga, ndikanapanda kuchita mwano, sizikanachitika. Sanena, amangosenza. Muuzeni mosapita m'mbali kuti palibe chomwe akanachita.

Musam'panikize kuti afotokoze za tsikulo. Kufunsa mafunso ngati kupolisi kumatseka pakamwa kwambiri. M'patseni pepala ndi pensulo, kapena khalani naye pomwe akupanga magalimoto akewo, manja akamagwira ntchito pakamwa pamamasuka.

Koma poti papita miyezi 9 ndipo zikukula, musalimbane nazo nokha. Pitani kuchipatala cha boma mukafunse anamwino a za maganizo, kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma lanu. A chipatala cha St John of God aliponso ku Lilongwe, osati ku Mzuzu kokha. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana. Anthu akangomva za maganizo amathamangira kuganiza za ku Zomba Mental, ayi, uku n'kukacheza chabe ndi munthu amene anaphunzira kucheza ndi ana otere. Akasiya kudya, kapena akayamba kunena zofuna kutsatira amayi ake, musadikire kuti kuche.

Mlamu wa ku Mbare
Moni kuchokera ku Harare, ife ana a machona. Kuno kuli ntchito ina yomwe anayambitsa dokotala wa za maganizo Dixon Chibanda, amaitcha Friendship Bench. Amaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera, n'kuwakhazika pabenchi panja pa kiliniki. Inayambira kuno ku Mbare komwe. Matendawo Achishona amawatcha kufungisisa, kwathu tingati kuganiza kwambiri. Amayi anga anakhalapo pabenchi imeneyo mchimwene wanga atamwalira, ndipo ankati chinawathandiza n'choti gogoyo sankathamangira kuwauza kuti limbani mtima. Ndikuona ngati inunso malume mukufunika benchi yanu. Mwavundukula mitembo ku Queens, mlongo wanu simunamuike. Mwalirapo inu?

Malume wa ku Area 23
Alamu, funso lanulo ndaliwerenga ndili mu minibasi ndipo ndatsika siteji isanakwane. Ayi, sindinalire. Panali zambiri zoti ndiyendetse.

Nachisale wa ku Michesi
Ndiwonjezere kanthu kena kokhudza mnzanga uja, poti nkhani ya chinzake siithera pabwino pokhapokha.

Nditasankhidwa kupita kusekondale ndinayamba kum'thawa. Iye sanakhoze mayeso, anakwatiwa msanga. Koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Kusekondale palibe ankandidziwa ngati "kamene kanatsala kaja". Ndinali mtsikana wamba, ndipo zinkandikomera. Ndikabwera ku holide n'kumuona, zonse zinkabwerera. Ankadziwa zambiri za ine. Ndinayamba kudutsa njira ina popita kumsika. Anandilembera makalata awiri, sindinayankhe. Zaka 20 ndi kuposerapo zinadutsa choncho.

Usiku wa Freddy ndili ku Zomba, magetsi atazima, mvula ikukhuthuka tsiku lachitatu, ine nditakhala pansi m'khichini mayi wa ana anayi ndikunjenjemera, foni inalira. Nambala yachilendo. Mawu a mzimayi anangoti, "Ndine. Nambala andipatsa azakhali ako. Kunonso ikugwa. Usadule." Sitinayankhule zambiri. Tinangokhala pafoni, aliyense akumva mvula ya kwa mnzake, mpaka mayunitsi ake anatha. Kwawo ku Phalombe madzi anali atalowa kale m'nyumba, koma anaganiza za ine.

Ndikunena izi kuti mudziwe kuti tsiku lina mwana wanuyo akhoza kudzam'thawa mnzakeyo, kapena kukuthawani inu amene. Musadzaone ngati ndi kusayamika.

Mayi wa Mvano
A Nachisale, munapita kukamuona?

Nachisale wa ku Michesi
Ndinapita mu Meyi misewu itayamba kudutsika. Ndinanyamula malata 12 ndi thumba la ufa. Anandiyang'ana n'kunena kuti wanenepa. Za makalata aja sanatchule, inenso sindinapepese bwinobwino mpaka lero. Tinasenda chinangwa.

Woyang'anira Gulu
Ndachotsa ndemanga ziwiri za munthu amene amatsatsa mankhwala azitsamba "otsegula pakamwa". Pano si pamsika. Komanso amene mukupempha chithunzi cha mwanayu, ayi.

Bambo a Mapasa
Funso kwa amene mukudziwa za miyambo. Poti thupi silinapezeke, palibe chomwe banja lingachite kuti pakhale potsekera? Boma linalengeza masiku 14 olira, anthu oposa 1,000 anapita, koma banja lililonse limafuna maliro akeake. Kumeta kumene sikunachitike.

Aphunzitsi Opuma
Zimatheka. Malume ndi amene ali ndi mphamvu yoitanitsa abale. Mukhoza kukumana kumudzi, abusa kapena ashehe n'kuchititsa mapemphero, mayina a awiriwo n'kutchulidwa mokweza, anthu n'kudya limodzi. Koma mwanayo muyambe mwamuuza inu panokha. Asakamvere pagulu. Ndipo mum'funse ngati akufuna kupita, osam'nyamula ngati katundu.

Malume wa ku Area 23
Abale, ndabweranso patatha masiku anayi. Ndikuuzeni zomwe zachitika.

Chithunzi ndinabwezera Lachisanu usiku. Loweruka m'mawa ndinam'peza ataima patsogolo pake, tiyi akuzizira patebulo. Sindinanene kanthu.

Masana ndinagula waya wa K1,000 kwa owotcherera zitsulo ndi kupita nawo kuseri kwa bafa. Ndinakhala pa njerwa. Anyamatawo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawagwira. Ndinati mundiphunzitse kupinda mateyala, ine zanga zinkatuluka ngati mazira. Kamnzakeko kanaseka, ndipo ndi kamene kankayankhula nthawi yonse. Kenaka mwana wathu atapita kukamwa madzi, kanandiyandikira n'kunena motsitsa kuti, "Ankolo, mukudziwa za 200 ija? Ndi chenji cha makala. Akuti amayi ake anamuuza kuti ubwere nacho chenji, usagule mandasi. Ndiye iyeyo anachedwa, anaima pa okala kubisala mvula. Akuti akanafulumira akanawadzutsa."

Miyezi 9 ndikugona naye nyumba imodzi, zimenezi ndazimva kwa mwana wakuba mango.

Usiku ndinam'tengera pakhonde. Ndinachita monga munanenera anamwino. Ndinati amayi ako ndi mchemwali wako anamwalira tsiku lija, tinawafuna ku Queens ndi paliponse, sitinawapeze, ndipo ndinalakwa kukuuza kuti akufunidwabe. Ndinati ukanafulumira ukanapita nawo limodzi, phiri lija panalibe wolitchinga, ngakhale ine ndikanakhalapo. Pamenepo mawu anandithera, ndinalira ine munthu wamkulu. Iye sanalire. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pansi, kenaka anafunsa kuti, "Ndiye chenjichi ndipatse ndani?"

Ndinasowa choyankha. Ndinati usunge kaye, tiganizire limodzi.

Usiku womwewo anakodzabe pogona, ndipo dzulo mvula itagwa analowabe pansi pa bedi. Koma ulendo uno ndinakhala pansi pafupi ndi bedilo, ndipo anagwira mwendo wa thalauzi langa. Lolemba tikupita kuchipatala. Kumudzi ndaimba, agogo anakwiya poyamba, kenaka analira, akuti tichite mwambowo sukulu akatsekera.

Nachisale wa ku Michesi
Mwachita bwino kusam'yankhira za chenjicho. Adzapeza yekha kochipereka.

Kabaza Boyz
Ine bambo anga anandisiyira wotchi yosayenda. Ili m'chikwama mpaka pano. Sindinauzepo munthu.

Mayi wa Mvano
Watiuza ife, mwana wanga. Inali ya mtundu wanji?

Malume wa ku Area 23
Funso lina laling'ono. M'mawa uno wanena chiganizo chathunthu, akuti kumudziko akufuna apite ndi mnzakeyo. Mayi akunyumba akuti bola akasiye mango a agogo. Makolo ake avomera. Kodi basi ya ku Blantyre mwana wa zaka 11 amalipira mtengo wathunthu, kapena ndikhoza kunenerera kuti awiriwa akhale mpando umodzi?